Makilomita Amene a Gracious Anabisa

1

Dzina langa ndine Edna, ndimakhala pa Nsipe ku Ntcheu, ndipo amene nditi ndiwavule pano ndi bambo a ana anga awiri, Tracy ndi Emma. Dzina lawo ndi a Gracious. Ngati munadutsapo pa Nsipe n'kugula feteleza kapena mbewu ya chimanga m'shopu ina yobiriwira m'mbali mwa msewu, ndiye kuti munawaona: bambo wamfupi, mimba patsogolo, jekete pathupi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo sangakupatseni katundu osakudalitsani kaye.

Anthu ankawakonda, nanga akanawada bwanji? Mabenchi a m'tchalitchi mwathu anagula ndi iwo. Nyumba ya amayi anga kwa Champiti anafolera malata ndi iwo. Mng'ono wanga Malita atalephera Fomu 4 kachiwiri, anamutumiza ku sukulu ya zamahotelo ku Mzuzu ndi iwo omwewo. Posankha akulu a mpingo, dzina lawo linadutsa popanda wotsokomola. Amayi anzanga ankandiuza kuti, "Amake Tracy, inu ndiye munakwatiwa." Ine ndinkangoseka, chifukwa malaya a munthuyo ndinkachapa ndine.

Kawiri pa mwezi, likafika Lachinayi, a Gracious ankanyamula Baibulo ndi chigubu cha madzi, n'kuliza galimoto yawo ya ku Jeremani ija. Ati akupita kukasala kudya ndi kupemphera kuphiri lina kuseri kwa Champiti. Ankabwera Loweruka madzulo kuti Lamulungu akaime kutsogolo.

Koma abale, munaonapo munthu wochokera kosala kudya akubwera atamasula lamba? Munaonapo wogona pamiyala akubwera malaya ali osita, akununkhira sopo amene m'nyumba mwanu mulibe? Tsiku lina nditawapatsa tiyi anangoti, "Yewo."

"Mwati chiyani, bambo a Tracy?"

Anaphethira kawiri. "Ndi malilime amenewo. Mzimu sunandisiye bwinobwino."

Asa! Mzimu wa kuphiri la kwa Champiti wolankhula Chitumbuka.

Galimotoyo inenso ndinkayendetsa, pokaoda katundu ku boma. Tsiku lina ndinayang'ana manambala a makilomita pa dashibodi, ndipo ndinaona kuti adumpha ndi oposa 1,000 chionereni sabata yapitayo. Madzulo ndinawafunsa ndikupakula ndiwo.

"Kodi phiri lija linasamuka?"

Anamaliza kudya, n'kupemphera pemphero lalitali lopempherera akazi a mitima yokayika. Sabata yotsatira anapita ku Lilongwe, ati kukakonzetsa wailesi ya m'galimoto. Kuyambira pamenepo manambala aja anakhala aulemu kwambiri. A Gracious akapita kuphiri, manambala ankangosuntha pang'ono, ndendende mtunda wa kuphiri ndi kubwerako. Koma matayala ankatha, mafuta ankatha, ndipo mimba ija inkangokulirakulira.

2

Ndinapirira chaka ndi miyezi. Kenaka ndinauza mnzanga mmodzi wa m'chigwirizano cha amayi kuti amuna anga ali ndi mkazi kwinakwake kumpoto. Mnzangayo analumbira kuti sauza munthu, ndipo sabata isanathe nkhani inali itafika kwa ogulitsa tomato pamsewu.

Amene anabwera kunyumba kudzaweruza nkhaniyo ndi a Maynard, mlembi wa mpingo wathu, amenenso ndi nkhoswe ya kuchimuna. Ndi bambo wamtali, wouma, woti akakupatsa moni umamva ngati walakwa kale. Amayi anga nawonso anaitanidwa. Anafika akutsimphina, poti anali atangobwera kumene kuchokera ku Blantyre, kumene mkamwini wawo wokondedwa anawatengera mwezi wathunthu kukalandira chithandizo cha miyendo.

"Amake Tracy," anayamba a Maynard, "mwaipitsa dzina la mtumiki wa Mulungu. Umboni muli nawo?"

"Umboni ndi mimba yawoyo," ndinatero. "Taiyang'anani bwinobwino. Ya munthu wosala kudya imeneyo?"

A Gracious anatulutsa kansalu n'kupukuta maso ouma. "Musamukalipire, a Maynard. Si iyeyu ayi, ndi mdani akungomugwiritsa ntchito. Koma kuti mitima ikhale pansi, tiyeni tichite chonchi. Lachinayi ndisananyamuke mudzajambule manambala a galimoto ndi foni yanu. Loweruka ndikabwera mudzajambulenso."

Anachitadi zomwezo. Loweruka a Maynard anandionetsa zithunzi ziwirizo atandiyandikizira foni pamphuno. Galimoto inali itayenda makilomita 34 okha.

"Kumpoto kwanuko ndi kufupi chonchi, mayi?"

Chigamulo chinabwera mwachangu. Lamulungu la mgonero, mpingo wonse uli pomwepo, ine ndidzapite kutsogolo, ndidzagwade, ndidzanene ndi pakamwa panga kuti ndinawanamizira amuna anga chifukwa cha nsanje. Ndikakana, andivula yunifolomu ya chigwirizano n'kundidula mumpingo. Yunifolomuyo sinandiwawe kwenikweni. Chimene chinandidya mumtima n'chakuti Tracy ndi Emma amaimba kwaya, amakhala benchi loyamba. Anayenera kudzaona mayi wawo ali chogwada akudzitcha wabodza.

Alendo atapita ndinatsala ndi amayi kukhitchini. Ndinkayembekeza kuti andigwira paphewa.

"Ukagwade, Edna," anatero. "Kugwada kwa kanthawi kochepa kukupha? Mwamuna ngati uyu ukamupeza kuti? Taona malata aja. Taona mng'ono wako akuphunzira."

"Amayi, koma ine sindikunama."

"Ndiye ukaname kuti unanama. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawayang'ana amayi anga, ndipo ndinati mwina ndi ukalamba chabe. Ndinawapakulira chakudya, ndinawaperekeza pokwera njinga yamoto.

3

Lolemba la sabata yomweyo ya mgonero, galimoto inadwala. A Gracious ankachokera ku Balaka, ndipo itangodutsa pa Manjawira inayamba kugwedezeka, kenaka kukana kusintha magiya, injini ikungolira pachabe. Anaikoka ndi lole ya kachewere mpaka pa galaja ya Che Tahir.

Che Tahir ndi makanika wa pa Manjawira, Msilamu, wonenepa, wa pakamwa posatseka. Anakhalako ku Joni zaka zingapo, ndipo sungamufunse ngakhale njira ya kumsika osamva za ku Joni. Chaka chathachi ndi iye amene anaika giyabokosi ina m'galimoto yathu, yoyamba ija itatha. Poika analonjeza pamaso pa anthu, podzitama monga mwa khalidwe lake, kuti ikafa chaka chisanathe, isanayende makilomita 10,000, adzaika ina mwaulere.

Tsono muwadziwe a Gracious. Amapereka pamene pali anthu owomba m'manja. Pamene palibe owomba m'manja, amatafuna fupa la nkhuku mpaka lithe. Usiku wonse ankangotembenuka pabedi, osati ndi chisoni cha galimoto, koma ndi chimwemwe cha giyabokosi yaulere. M'mawa anadzuka atavala kale jekete.

"Konzeka, tikupita pa Manjawira. Ndatenganso a Maynard. Mukachitire umboni kuti galimoto iyi simayenda, ndi kutchalitchi, ku boma ndi kuphiri basi. Ameneyu anandiikira giyabokosi yowola."

"Ine wabodza ndikachitire umboni?"

"Pakamwa pakopo ndi pomwe pakupititsa kutsogolo Lamulungu. Tiye."

Ndinapita. Kunena zoona ndinalibe chiyembekezo chilichonse, ndinangofuna kuchoka panyumba. Tinakwera minibasi atatu, a Maynard atakumbatira foni yawo ya zithunzi ija ngati mwana wakhanda. Njira yonse a Gracious ankayeserera mawu oti akanene, akumatchula chilungamo, chilungamo. Munthuyu bodza lake linali litamukomera. Linagonjetsa mkazi, linagonjetsa nkhoswe, ndiye anaona kuti makanika ndi ndani.

Tinamupeza Che Tahir atakhala pa tayala, akudya chinangwa chootcha. A Gracious sanadikire n'komwe kuti moni athe.

"Che Tahir, munthu woopa Mulungu sabera mnzake. Bwerani muone manambala awa. Chiikireni giyabokosi yanu, galimoto iyi yayenda makilomita 2,900 okha. Mboni zanga ndi izi, mlembi wa mpingo ndi mayi a kunyumba. Lonjezo lanu lija likwaniritsidwe lero."

Mawu anali okweza dala, ndipo akabaza ndi amayi ogulitsa nthochi anayamba kusendera. A Gracious ataona anthu anakoka jekete, n'kutukula chifuwa.

Che Tahir anasuzumira pa dashibodi, kenaka anawerama n'kuyang'ana matayala, n'kupitiriza kutafuna chinangwa chake.

"Palibe vuto, abwana. Lonjezo ndi lonjezo. Koma tiyambe taifunsa mwini wakeyo."

"Mwini wake ndine."

"Ndikunena giyabokosi, abwana. Tiiike pa kompyuta."

4

Analowa m'kachipinda kake n'kutuluka ndi chikwama chakuda. M'katimo munali kamakina kokhala ndi galasi, kakulu pang'ono kuposa foni, ndi chingwe chonenepa. Anatsegula chitseko cha dalaivala, anagwada, n'kulowetsa chingwecho pakabowo kena kobisika pansi pa chiwongolero. Ine zaka zonsezi ndikuyendetsa galimotoyo sindinadziwe kuti pali kabowo pamenepo. Anatembenuza kiyi osaliza injini, ndipo galasi lija linayaka.

"Kamakina aka ndinabwera nako kuchokera ku Joni," anauza gulu lija. "Ntcheu yense kali ndi ine ndekha. Galimoto za masiku ano, abale anga, zili ndi mitu ingapo. Injini ili ndi kompyuta yake, mabuleki yawo, giyabokosi nayonso yake. Manambala a pa dashibodi aja ndi ongoonetsa alendo. Giyabokosi ya galimoto ngati iyi imawerenga yokha mtunda umene yayenda, n'kusunga m'mutu mwake."

Chala cha Che Tahir chinkadinadina pagalasi, mizere ya Chingerezi ikutsika.

"Eya, yayamba kudandaula. Ikuti mafuta ake anapserera. Ikuti yakhala ikutentha kambirimbiri, ngati yokwera zitunda zitalizitali mothamanga. Ku tchalitchi kwanuko kuli zitunda, abwana?"

Akabaza anaseka. A Maynard anakhosomola.

"Tsopano tione makilomita." Anadinanso, n'kuimba kaluzu. Kenaka anatulutsa foni yake. "Ine anthu amandinena kuti ndine wolongolola, koma si ine chitsiru. Giyabokosi iliyonse ndikaika ndimaijambula nambala yake tsiku lomwelo, limodzi ndi nambala ya galimoto. Iyi inabwera itayendako kale, nayi, 88,000. Bambo mlembi, inu odziwa kuwerenga, tawerengani pagalasipa lero."

A Maynard anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"115,000," anatero motsitsa mawu.

"Kwezani mawu, bambo, amve a nthochi awo. Ndiye kuti chaka chisanathe yayenda 27,000. Umenewo ndi mtunda wopita ku Joni ndi kubwerako maulendo asanu ndi atatu, ndikudziwa poti msewu umenewo ndauyenda. Dashibodi ikuti 2,900. Wina akunama pamenepa, ndipo giyabokosi sipita kutchalitchi, ilibe woti imusangalatse."

"Makina anuwo ndi owonongeka!" anakuwa a Gracious. Thukuta linali litadutsa kale jekete.

"Mwina. Tadikirani."

Che Tahir anagona chagada, mutu pansi pa chiwongolero, miyendo panja. Tinamva akumasula zinthu, akung'ung'udza. Posakhalitsa anatulutsa dzanja litagwira kabokosi kakuda kokhala ndi kabatani, mawaya ake atamangidwa ndi tepi, akulendewera kuchokera kuseri kwa dashibodi.

"Nayi mfiti. Ukadina apa, manambala amagona, galimoto ikuyenda. Ukadinanso, amadzuka. Ntchito yauve iyi, amene anakulumikizirani anakuberani, abwana, mukanabwera kwa ine ndikanakuuzani kuti giyabokosi sakuigoneka." Anadzuka akusasa fumbi. "Ndiye mwabwera ndi Baibulo, mlembi ndi mayi a kunyumba kudzandibera ine giyabokosi?"

Gulu lonse linafa nako kuseka. Mayi wina wa nthochi anachita kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinayang'ana kabatani kaja, kakang'ono ngati batani la malaya, ndipo ndinanyansidwa. Chaka ndi miyezi ndikudziyesa wamisala chifukwa cha kanthu kameneka. Ndinatembenukira kwa amuna anga.

"Bambo a Tracy, ndikufunsenso. Phiri lija linasamuka?"

Anayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera, ngati akupemphera.

5

Mukuganiza kuti nkhani inathera pamenepo? Ndiye kuti simukuwadziwa akuluakulu a mpingo wathu. Tisanafike n'komwe pa Nsipe, a Gracious anali atapeza kale polowera.

"A Maynard, ndivomere. Ndakhala ndikupita kumapiri ena akutali, kukapempherera dziko lathu. Zoterezi salengeza. Ndinabisa manambala kuti anthu asanditamande."

A Maynard anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati amva zakuya. Feteleza wa m'munda mwawo amachokera m'shopu mwathu, ndipo sindinawaonepo akupisa m'thumba.

"Amake Tracy," anatero, "makina aja aonetsa kuti galimoto inayenda. Sanaonetse mkazi. Inu munati pali mkazi. Chigamulo chikhala chomwecho, Lamulungu mugwada."

Lachitatu ndinakwera njinga yamoto kupita kwa Champiti. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti amayi anga amve kuti mwana wawo sanali wamisala, anene kuti pepa. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero.

"Amayi, galimoto ija aiika pa kompyuta pa Manjawira."

"Ndiye?"

"Yanena zonse."

Ine ndinkanena za makilomita. Koma manja a amayi anaima m'lichero. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo.

"Zonse?"

Sindikudziwa chimene chinandilowa, koma ndinakhala pansi n'kuwayang'ana m'maso.

"Zonse, amayi. Kumene inkapita, kumene inkagona, ndi amene ankakweramo."

"Ndi mayina omwe?"

"Ndi mayina omwe."

Lichero linapendekeka, nyemba zinamwazika pakhonde, nkhuku n'kuthamangira.

"Ine ndinangokweramo kawiri kokha, Edna, kupita ndi kubwera. Makinawo akanena zoposa pamenepo akunama. Nanga ukanakhala iwe ukanatani? Mwana wanga achire yekhayekha kuchilendo, popanda womuthowa, popanda womuphikira phala?"

"Mwana wanu uti?"

"Malita, nanga ndani? Si wati yanena mayina?"

Makutu anga analira. Ndinali nditaganizira akazi onse a kumpoto, aphunzitsi, anamwino, ogulitsa mpunga. Za Malita sindinaganizeko n'kamodzi komwe. Malita amene ndinamubereka kumbuyo amayi ali kumunda. Malita amene ndinamugulira ndekha sutikesi yopitira ku Mzuzu, n'kumuikiramo zitenje zanga ziwiri.

"Ndiye ku Blantyre kuja, miyendo ija?"

"Miyendo imandipwetekadi," anatero amayi, ngati pamenepo ndiye pofunika.

"Sukulu ya zamahotelo?"

"Anaphunzirako teremu imodzi."

Ataona kuti zatuluka, amayi anasiya mantha n'kuyamba kundilangiza. Ati si chibwenzi ayi, ndisanyoze. Ati ndi hlazi, mwambo wa makolo athu Angoni, woti mkamwini akasamala bwino banja amapatsidwa mng'ono wa mkazi wake. Ati amalume anga anakhalapo, anavomereza, mbuzi inaphedwa. Mwambo umenewo ine ndinkangoumva m'nkhani za agogo a agogo, ndipo ngakhale kalelo mkazi wamkulu ankauzidwa. Awa anaufukula kumanda chifukwa cha malata.

"Iwe unabereka akazi okhaokha," anapitiriza. "Bamboyo ankafuna mwana wamwamuna. Akanapita kwa mkazi wachilendo, shopu ija ikanadyedwa ndi anthu ena. Tinati bola zikhale m'banja momwemuno. Tinakuchitira iwe wemwe."

"Ndiye tsiku lija kukhitchini, mukundiuza kuti ndikagwade, munali mutangochoka kosambitsa mwana wa amuna anga?"

"Ukagwada zonse zitha bwino, mwana wanga. Usatichititse manyazi. Lamulungu ndibwera ndidzakulimbitse mtima."

Ndinaimirira. Sindinalire, misozi inakana. Ndinawada amayi anga tsiku limenelo, ndipo ndikulemba pano osachita manyazi.

"Ndamva, amayi," ndinatero. "Mubwere ndithu."

6

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Nkhani ya pa Manjawira inali itafika kale, ndipo ngakhale aja amapemphera pa Khirisimasi pokha anabwera atasamba. A Gracious anakhala kutsogolo ndi akulu anzawo, suti yatsopano, nkhope yokhululuka kale. Amayi anakhala mzere wachiwiri kumbali ya amayi. Tracy ndi Emma anali pabenchi la kwaya, mitu ili pansi.

Zolengeza zitatha a Maynard anaimirira. "Mayi Edna ali ndi mawu kwa mpingo."

Ndinayenda kupita kutsogolo nditavala yunifolomu yanga yosita bwino. A Maynard analoza pansi.

"Gwadani, mayi."

"Ndilankhula chiimire, kuti akumbuyo amve."

Ndinatembenukira kwa anthu. Mawu anatuluka bwinobwino.

"Abale ndi alongo, andiuza kuti ndipepese chifukwa ndinanena zosaona. Pali pamene ndinalakwitsadi. Ndinati amuna anga ali ndi chibwenzi, mkazi wachilendo wa kumpoto. Pepani, si chibwenzi, ndipo si wachilendo. Ndi mkazi wawo wachiwiri, anaphera mbuzi. Ndi mng'ono wanga Malita, uja munamuperekeza ndi nyimbo pano popita kusukulu. Amakhala ku Mzuzu, ndipo kumeneko ndi kumene kuli phiri la mkulu wa mpingo wanuyu. Ali ndi mwana wamwamuna."



"Bodza!" A Gracious anadzuka. "Mdani walowa m'nyumba ya Mulungu! Umboni uli kuti?"

"Umboni wakhala apo, wavala duku lobiriwira. Amayi, muli m'nyumba ya Mulungu, mgonero uli patebulo apo. Mdzukulu wanu uja munakamuthowera mayi wake, dzina lake ndani?"

Mitu yonse inatembenuka. Amayi anayang'ana a Gracious, anayang'ana tebulo la mgonero, anayang'ana pansi. Amayi anga amatha kunamiza mwana wawo, koma nsalu yoyera ya patebulo lija amaiopa.

"Juniyo," ananong'ona.

Mayi amene anakhala nawo pafupi anabwereza mokweza, "Ati Juniyo!"

Tchalitchi chinaphulika. Ena anagwira pakamwa, ena anaimirira pamabenchi omwe aja anagula a Gracious. Abusa ankaomba patebulo, osamveka. A Gracious anakweza manja n'kuyambitsa nyimbo. Anaimba mzere woyamba okha, wachiwiri okha, ndipo pa wachitatu anangokhala pansi.

Ndinatuluka osathamanga. Panja amayi anandipeza akutsimphina, nkhope ili gwaa. Ndinaima, poganiza kuti mwina tsopano anena liwu lija ndinkalifuna, loti pepa.

"Wasangalala?" anatero. "Nanga feteleza wa chaka chino atipatsa ndani?"

7

Owerenga anzanga, musaganize kuti anandinyamula pamapewa. Yunifolomu anandivulabe, ati chifukwa chosokoneza mapemphero. A Gracious anawaimitsa ukulu wa mpingo, koma ndikumva kuti alonjeza kugula zokuzira mawu zatsopano, ndiye sindikukayika kuti abwerera pampando mvula isanagwe. Ukwati unatha. Ndimachita lendi kanyumba kuseri kwa msika, ndimagulitsa kachewere pamsewu, ana anga ndili nawo. Malita anaimbapo foni kamodzi, anangoti "Achemwali," n'kuyamba kulira. Ndinadula. Kwa Champiti sindinapondeko.

Ena amandiuza kuti ndikanakambira m'nyumba, ati nkhani za m'banja sazitengera kutchalitchi. Ndimawafunsa kuti anaitengera kutchalitchi ndani. Iwo ndi amene anasankha malo, anasankha tsiku, anaitana anthu. Ine ndinangosintha mawu.

A Gracious sindiwawerengeranso, munthu wogula kabatani kuti anamize mkazi wake ndi wochepa kwambiri woti n'kumulirira. Chimene ndikufuna mutengepo n'chakuti, anthu akakuunjikirani kuti mugwade, muyambe mwayang'ana amene akukukankhani paphewa mwamphamvu kuposa onse, mudzifunse kuti akudya chiyani pamenepo. Kwa ine anali mayi wondibereka. Ndipo mayi mnzanga amene mukuganiza zongovomera bodza kuti panyumba pakhale bata, kumbukirani kuti ana amakhala akuonerera.

Ndikutero chifukwa cha zimene zinachitika mwezi wathawu. Ine ndi Tracy tinkalongedza kachewere m'ndowa, ndipo anangoyamba yekha, osandiyang'ana.

"Amayi, mukudziwa? Nthawi ija ine ndinali nditakhulupirira ababa. Ndinkauza Emma kuti amayi ndi ansanje, akutichititsa manyazi. Mukanagwada tsiku lija, bwenzi mpaka lero ndikudziwa kuti mayi anga ndi abodza."

Misozi imene inakana kwa Champiti inabwera pamenepo, pamsewu, makasitomala akuona. Ndinakhala pa thumba la kachewere n'kulira mpaka Tracy anagulitsa ndowa ziwiri yekha.